Lipoti la ulendo wa ku Blantyre pa nkhani ya silabasi ndi mabuku a ana athu

A wapampando, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la makolo ophunzitsa ana pakhomo kuno ku Zomba, zikomo. Munandituma ku msonkhano wa makolo anzathu ku Blantyre kuti ndikamve za mabuku oyenera kugula ndi ndalama imene takhala tikusonkha ija. Ndapita ndabwerako. Ndinafika pemphero lotsegulira litatha chifukwa minibasi inachedwa kudzaza, koma zokambirana zonse ndinazimva. Ndalama yotsala pa ya mayendedwe ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndinapita ndi funso lolakwika. Titangokhala pansi ndinafunsa kuti mabuku abwino ndi ati. Mayi wina wachikulire, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anandiyankha ndi funso linzake: "Bambo, mwana wanuyo mukufuna adzalembe mayeso ati?" Ndinasowa chonena. Tsiku lonse nkhani inazungulira pamenepo, ndipo ine ndabwera nditakhutira kuti mayiyo ananena zoona. Mabuku amatsata silabasi, silabasi imatsata mayeso. Wogula mabuku asanadziwe mayeso ali ngati munthu wokwera basi asanafunse kumene ikupita.

Njira zimene makolo akutsata kumeneko ndi zitatu, ngakhale ambiri amasakaniza.

Yoyamba ndi silabasi ya boma. Apa ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa anzathu a ku Blantyre ankatisirira ife. Bungwe lokonza silabasi ndi mabuku a sukulu za boma, la Malawi Institute of Education, lili ku Domasi, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa depoti yathu. Likulu la MANEB, loyendetsa mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4, lili mu mzinda mwathu muno. Ine ndawononga ndalama ya gulu kukamva ku Blantyre za zinthu zapakhomo pathu! Otsata njirayi anati phunziro lililonse lili ndi buku la wophunzira komanso buku la mphunzitsi, ndipo anatichenjeza kuti kholo lisagule la wophunzira lokha. Buku la mphunzitsi ndi limene limakuuza poyambira, zofunsa mwana, ndi mmene ungadziwire kuti wamva. Kwa ife amene sitinapiteko ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, limenelo ndiye ndodo yoyendera. Anatikumbutsanso kuti pa mayeso a Sitandade 8 pamakhala Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, maphunziro a chikhalidwe ndi chipembedzo, komanso a zaluso ndi luso la moyo. Tsono mwana amene wakula ndi mabuku a kunja okhaokha adzakumana ndi pepala la Chichewa ngati mlendo.

Chenjezo lina pomwepa: mabuku ena a boma amalembedwa pachikuto kuti si ogulitsa. Mukalipeza lotere pa msika, ngakhale mtengo wake ukome bwanji, dziwani kuti lachoka m'manja mwa mwana wa sukulu ina. Gulu lathu lisagule amenewo.

Njira yachiwiri ndi ya Cambridge, silabasi ya ku England yothera ku mayeso a sekondale otchedwa IGCSE. Mabanja angapo akuitsata ndipo mabuku ake ndinawagwira ndi manja anga: ndi okongola, ofotokoza bwino, makamaka a sayansi. Koma bambo wina ananena poyera kuti walira mvula walira matope. Mtengo wa mabuku ndi wa mayeso umayendera ndalama ya kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, iye anangoona bajeti yake ya chaka chonse yasungunuka. Amene ali ndi thumba lokwanira mpaka mwana atamaliza, njirayi ndi yabwino. Choopsa n'kuyiyamba ndi kuisiyira panjira, mwana n'kukhala kuti kuno sali, uko sali.

Yachitatu ndi ija ena mwa inu munandipempha kuti ndikaionetsetse, ya mabokosi ochokera ku America, monga ACE ndi Abeka, yokhala ndi maziko a Chikhristu. Ya ACE imabwera m'timabuku ting'onoting'ono totchedwa PACE. Mwana amalemba yekha, akamaliza kamodzi amatenga kotsatira, kholo limangoyang'anira. Kwa mayi amene ali ndi ana atatu a misinkhu yosiyana komanso geni yoti ayendetse, ndikumvetsa chifukwa chake zimakopa. Koma nditatsegula timabukuto ndinapeza masamu a madola ndi masenti, miyeso ya mainchi ndi mapaundi, nkhani za chipale chofewa ndi atsogoleri a dziko la America. Mwana wa ku Chinamwali amagula tomato ndi makwacha, ufa amayeza pa kilogalamu, ndipo nyengo zimene amadziwa ndi dzinja, masika, chisanu cha mu June ndi chilimwe. China n'chakuti kabuku kolembamo kakatha katha, mng'ono wake sangakagwiritsenso ntchito. Mayi wina wa ku Limbe anaikira kumbuyo njirayi mwamphamvu, kuti ana ake anaphunzira kudziyang'anira okha ndipo amawerenga Chingerezi bwino kwambiri. Sindikumutsutsa. Koma iye yemweyo anavomera kuti mbiri ya Malawi amachita kuwonjezera payekha madzulo.

Pamene panavuta kwenikweni ndi pa chiyankhulo choyambira kuwerenga. Mawu anakwera mpaka wotsogolera zokambirana anachita kuimbitsa kolasi kuti mitima itsike. Ena amati Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, poti mayeso ambiri ndi a m'Chingerezi ndipo ku yunivesite salowa wopanda kirediti ya Chingerezi. Mphunzitsi wopuma uja anatenga choko n'kulemba pa bolodi a, e, i, o, u, kenako ma, me, mi, mo, mu. Anati Chichewa chimawerengedwa mmene chimalembedwera, kotero mwana akagwira maphatikizo amayamba kuwerenga mawu amene amawadziwa kale, monga "amama" ndi "moto", ndipo luso lomwelo amalisamutsira ku Chingerezi, chimene chilembo chimodzi chimatha kumveka mosiyanasiyana. Anatchula mabuku a National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga, amene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2016, kuti ali ndi Chichewa ndi Chingerezi mbali ndi mbali kuyambira Sitandade 1. Ine ndili kumbali yake, chifukwa wanga wachiwiri ndinamuyambitsa ndi Chingerezi chokhachokha ndipo anakhala chaka chathunthu akuloweza masamba osawerenga kanthu.

Za pa intaneti ndidutsepo mwachangu. Anationetsa Khan Academy, yaulere koma yodya bandulo, ndi Kolibri, imene imagwira ntchito popanda intaneti ukakoperatu maphunziro. Zonsezi ndi ndiwo chabe, nsima ndi buku, poti magetsi akazima tabuleti imasanduka mbale.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi tebulo la zipangizo zopanga tokha, zimene aphunzitsi amazitcha TALULAR: zitsekerero za mabotolo zowerengetsera, timitengo tomanga m'magulu a khumikhumi, wotchi ya katoni, mapu a Malawi omata ndi mchenga. Pobwerera ndinkaganiza mu minibasi kuti ife kuno tili ndi kalasi yaikulu kuposa onsewo. Phunziro la zomera tikhoza kuchitira ku Botanical Gardens. La madzi, tikwere phiri ana akaone damu la Mulunguzi limene amamwa madzi ake, tsiku lina titsikire ku Kachulu akaone nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. La mbiri, pali chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, a m'nthawi ya atsamunda) ndi nyumba yakale ya malamulo, yotikumbutsa kuti likulu la dziko linali kuno mpaka 1975.

Tsono malingaliro anga ndi awa, gulu lidzagamula. Silabasi ya ku Domasi ikhale msana wa maphunziro athu. Ndalama ya gulu igule mabuku a mphunzitsi, amene tizibwerekana, ndi mabuku a nthano a Chichewa ndi Chingerezi oti aziyenda khomo ndi khomo. Banja lofuna Cambridge kapena bokosi la ku America liwonjezere ndi thumba lake. Ndikupemphanso kuti tisankhe anthu awiri akaonane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yathu, chifukwa lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo mayeso a MANEB amalembetsedwa kudzera pa senta yolembera mayeso, osati pakhomo. Safunsa anadya phula. Amene ali ndi ana oyandikira Sitandade 8 asadikire teremu yomaliza, ndipo a ku sekondale aganiziretu za labotale yochitira mapulakitiko a sayansi.

Pa msonkhano wathu wa Loweruka banja lililonse libweretse mabuku onse amene lili nawo, ngakhale othothoka chikuto, tiwalembe m'kaundula tisanagule kanthu. Musaiwale zitsekerero za mabotolo.