Anamwino olandira odwala mwadzidzidzi alemedwa ndi ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za kuchuluka kwa ntchito ya anamwino amene amalandira odwala mwadzidzidzi kuno ku Mulanje.

Mwezi watha ndinachezera pachipatala china ndikudwazika achimwene anga, amene anathyoka mwendo pangozi ya njinga yamoto ya kabaza. Usiku wonsewo namwino anali mmodzi yekha, ndipo yemweyo ndiye ankatsuka mabala, kuika madiripi ndi kulemba kalata yotumizira wovulala wina ku Blantyre, pamene pakhomo panali mayi akulira ndi mwana wokomoka ndi malungo. Mpaka kunja kuyera namwinoyo sanakhaleko pansi.

Ambirife timafulumira kunena kuti anamwino ndi amwano, koma timaiwala kuti munthu wotopa chotere angathe kuphonya mlingo wa mankhwala, wovutika n'kukhala wodwala. Tikumbukirenso Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anavulaza anthu ambirimbiri nthawi imodzi m'boma lino.

Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo kuti alembe ntchito anamwino amene anamaliza maphunziro koma akungokhala pakhomo, ndiponso kuti ogwira ntchito usiku asamasiyidwe okha m'chipinda cha ovulala.

Ine wokhudzidwa,
Mulanje