Za wotchi ya mayi ija

Aise,

Zikuyenda bwanji ku Cape Town ko? Kuno ku Blantyre tili bho, kungoti dzuwa lafika povuta. Voice note yako ndaimva, ya wotchi yamakono (smartwatch) yomwe ukufuna kuwagulira mayi chigwereni kubafa kuja, ndiye ndati ndikulembere bwinobwino poti pa foni timangodulana mawu.

Mawotchi amenewa si bodza ayi, amagwiradi ntchito. A Apple anayamba kuikamo zozindikira kugwa ndi ECG (yojambula kagundidwe ka mtima) mu 2018 pa Apple Watch Series 4. Munthu akagwa mwamphamvu wotchi imanjenjemera pamkono, kulira, nkufunsa ngati ali bwino, ndiye akakhala osasuntha kwa mphindi imodzi imawerenga masekondi 30 kenako imaimba yokha nambala ya emergency nkutumizanso meseji kwa anthu omwe munawaikamo, ndi malo omwe munthuyo wagwera. Galaxy Watch ya Samsung nayo ili nazo zimenezi. Koma si kugwa kulikonse komwe imamva, munthu akangolefuka pang'onopang'ono atakhala pamphasa ikhoza kungokhala chete.

Za mtima, pansi pake pali timagetsi tobiriwira tomwe timawerenga kugunda kwa mtima pakhungu. Chomwe imadziwa kugwira ndi atrial fibrillation, mtima ukamagunda mosalongosoka, ndipo vuto limenelo ndi loopsa chifukwa magazi amatha kuundana nkukatseka mtsempha ku ubongo, basi sitiroko. ECG yake umangogwira kabatani ndi chala masekondi 30. Koma ndi ya lead imodzi, kutanthauza kuti imaona mtima mbali imodzi yokha, pomwe makina a kuchipatala ngati ku Queens amakhala ndi 12, ndipo eni ake a Apple amanena okha kuti heart attack siizindikira. Ndiye mayi akamva kupweteka pachifuwa asamayang'ane wotchi, atengedwe basi.

Tsopano chomwe chikundidetsa nkhawa ine nchakuti wotchiyo ikaimba, abwere ndani? Kumeneko mwazolowera kuti ukaimba ambulansi imafika pakhomo. Ku Chilomoni kumtunda kuja 2 koloko usiku, mvula itagwa, chomwe chingawapulumutse mayi ndi neba amene ali ndi galimoto yamafuta mkati ndipo amayankha foni. Ndiye pa ma contact aja usadziike wekha poyamba, iwe uli kutali ungolira ndi kuimba uku ndi uku. Tiikepo mlongo wako wa ku Ndirande, abambo a nyumba yakumunsi aja, ndi ine, ndipo tiwauziretu kuti meseji imeneyo ikalowa si yocheza. Kiyi wina wa geti akhale kwa aneba.

Komanso Apple Watch imafuna iPhone, ya Samsung imafuna Android yabwinoko, kafoni ka mabatani ka mayi kaja sikangathandize. Foniyo iyenera kukhala pafupi, ili ndi mayunitsi ndi bandulo. Batire nayo imafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse, ndi mmene magetsi akuzimira muno ndiye uikepo power bank. Usanalipire ufunsenso kushopuko ngati ECG yo ingatseguke ku Malawi, poti zinthu zimenezi amazilola dziko ndi dziko. Ndipo mayi ako ndimawadziwa ine, chinthu chodula amachisunga mu chikwama kudikira Lamulungu, tiyenera kuwanyengerera kuti azisamba nayo, madzi siiopa, ndipo kubafa nkomwe kumaterera.

Koma aise chomwe ndikupempha kwambiri, ugule kaye makina oyezera BP aja omanga pamkono, Omron kapena ena otero, ndi otchipa kuyerekeza ndi wotchi. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno BP yake ndi yokwera ndipo ambiri sadziwa nkomwe. Ngakhale Samsung yoyeza BP imafuna uziifananitsa ndi makina omwewo masabata anayi aliwonse. Chizungulire chomwe chinawagwetsa chija mwina ndi BP kapena mankhwala ake, adokotala awaonenso, tizipita ndi kabuku ka manambala a m'mawa ndi madzulo.

Undiuze foni yomwe utumize ndi tsiku lomwe basi ikufika pa Wenela, ndikalandira ineyo nkukawaikira zonse. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Zingwangwa.