Kuthokoza ogwira ntchito yojambula odwala ku Kamuzu Central Hospital

Kwa Mkulu wa Dipatimenti Yojambula Odwala,
Kamuzu Central Hospital,
Lilongwe.

Wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi pofuna kukuthokozani inu ndi anzanu onse chifukwa cha momwe munawathandizira bambo anga, mlimi wa zaka 61 wa ku Mchinji, omwe ine ndinali gadiyani wawo.

Chotupa chawo chinayamba ngati kambulu pachifuwa, kumanja, pomwe nthiti imakumana ndi fupa lofewa lija. Kwa miyezi yambiri tinkangoti ndi kutopa kwa khasu. Kuchipatala china chaching'ono anaganizira chifuwa chachikulu, poti nachonso chimatha kutupitsa nthiti n'kusunga mafinya, koma makhololo sanaonetse kanthu. Tinabwerera kunyumba ndi panado, chotupa chikukulirakulirabe mpaka malaya osamangika mabatani.

Kwanu kuno zinthu zinayenda mwadongosolo. X-ray inaonetsa kuti nthiti imodzi yadyeka. Pa sikani ya ultrasound munaona kuti mkatimo mulibe mafinya, ndi mnofu wolimba. Kenaka munatituma kukayezetsa impso musanawabaye mankhwala othandiza kuti CT, sikani yojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane, ione bwino.

Tsiku la CT sindidzaliiwala. Bambo ataona makinawo, manja anayamba kunjenjemera. Mayi wina wojambula anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Agogo, mankhwala akalowa mumva kutentha thupi lonse, musaope, zitha msanga." Anayeserera nawo katatu kugwira mpweya mpaka bambo anaseka. Kunja kunali mzere wautali, koma mayiyo sanawafulumizitse.

Chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti adokotala anatiitana tonse awiri pa kompyuta. Analoza ndi cholembera nthiti yodwalayo, timadontho toyera ta mkati mwa chotupacho, ndiponso mapapo omwe anali asanakhudzidwe. Zonse anafotokoza m'Chichewa. Bambo atafunsa ngati ndi khansa, sanawanamize kapena kuwaopseza. Anati chithunzi chimangolozera, yankho lenileni lichokera ku labotale akayeza kanyama kotengedwa pachotupapo ndi singano. Zotsatira zitabwera, inalidi khansa yotchedwa chondrosarcoma, yomwe mankhwala a khansa ndi kuwotcha ndi makina a cheza siziigwira kwenikweni. Chofunika ndi kuidula yonse. Zithunzi zanu zija ndi zomwe madokotala a opaleshoni anagwiritsa ntchito podziwa pomwe ayenera kudula.

Kunena zoona, ine ndinkaona ngati ntchito yanu ndi yongodina batani. Ndinadzionera ndekha kuti popanda maso anuwo, bambo akanamwa mankhwala a matenda omwe alibe.

Panopa ali kunyumba, bala lapola, ndipo ayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka kudimba. Tibweranso kudzajambulitsa pa tsiku lomwe munatilembera m'kabuku kawo ka kuchipatala. Bambo andituma kuti ndipereke moni wapadera kwa mayi aja anawaphunzitsa kugwira mpweya. Chonde muwafikitsire.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine wanu,
Mwana wa wodwala,
Mchinji.