Kalata kwa mwana wanga woyendetsa forklift

Mwana wanga,

Vidiyo ija ndaiona. Mlongo wako sanafune kundionetsa, koma ndinamumva akuseka yekha ndi foni, ndiye ndinamuuza kuti andipatse. Ndaionera katatu, kachitatuko nditavala magalasi kuti ndisakunamizire. Ndiwe ndithu amene wakhala pampando wa forklift, makina aja onyamulira katundu, lamba akungolendewera kumbali. Mnzako uja wa chipewa chofiira waima pa paleti, matabwa aja osanjikapo katundu, iwe n'kumamukweza mpaka mutu wake kutsala pang'ono kugunda magetsi a kudenga. Iye akuvina m'mwambamo. Wojambulayo akuseka mpaka chithunzi chikugwedezeka. Mayi ako sanaione, ndipo ndamuuza mlongo wako kuti asawaonetse, vuto lawo la mtima ukulidziwa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbukira tsiku lija unangodziwa kupalasa njinga, n'kusiya chiwongolero uku ukukuwa kuti ndikuone. Dzino linatsala panjira. Unali ndi zaka 9. Mtima wofuna kuti anthu akuombere m'manja unabadwa nawo, ndipo sindikudana nawo, ndi womwewo umakupangitsa kukhala wosangalatsa pagulu. Koma njinga ija ndinkainyamula ndi dzanja limodzi. Chimene ukuyendetsa panochi, ngati ndi chija chonyamula matani 2.5, pachokha chopanda katundu chimalemera pafupifupi matani 4. Galimoto zing'onozing'ono ziwiri sizifikapo. Kulemera kwambiri kuli m'chitsulo chija cha kumbuyo, chimene anachiika kuti katundu akakhala kutsogolo makinawo asagwe chafufumimba.

Udzati mnzakoyo ndi amene anakupezera ntchito. Sindikukana, ndipo ndinamuthokoza ndekha pafoni. Koma kukupezera ntchito sikumupatsa ufulu woseweretsa moyo wako. Munthu amene amaima pa paleti yosamangirira n'kumavina mamita 4 kuchokera pansi, ameneyo saopa kanthu, ndipo ine pantchito ndinkaopa kwambiri anthu osaopa kanthu kuposa aulesi. Dzanja lako likanangogunda pang'ono chabe ndodo yopendeketsera mlongoti, chitsulo choimirira chija chokwezera katundu, paletiyo ikanatsetsereka pa mafoloko, zitsulo ziwiri zija za kutsogolo zimene zimainyamula. Akanagwera pa simenti. Kiyi anali m'manja mwa ndani? Amene ankasekawo akanati iwo amangoonerera. Munthu akafunika kukwezedwa, pali chikhola chake chachitsulo chokhala ndi mpanda, chomangidwa kumakinawo, ndipo woyendetsa sachoka pampando mpaka mnzakeyo atatsika. Ngati chikholacho kulibe, abweretse makwerero. Wina akakupempha kuti akwere pambali pako umusiye pageti, umuuze kuti mpando ndi umodzi.

Koma chimene chandiwawa kwambiri m'vidiyomo si kuvinako ayi. Ndi lamba uja.

Nkhani ya mkulu uja tinkagwira naye ntchito sindinakufotokozerepo yonse. Mkazi wake ndi amene ankabwera kudzakuona uli wakhanda. Iwe umangodziwa kuti anamwalira pantchito. Linali dzuwa litapendeka, tatsala pang'ono kuweruka. Anali ataika katundu womaliza pashelefu ya pamwamba, ndiye m'malo moyamba watsitsa mafoloko, anabwerera m'mbuyo n'kukhota mlongoti uli m'mwamba, uku akutsitsa akuyenda. Onse tinkachita zimenezo pofuna kufulumira. Tayala limodzi linaponda kathabwa kothyoka ka paleti. Kathabwa kokha, kotalika ngati mkono wanga. Ndinaona makinawo akupendekera kumanzere pang'onopang'ono ngati akuganiza kaye, kenako iye n'kudumpha. Anadumphira komwe ankagwerako, chifukwa thupi limangothawira kumene kuli pafupi ndi pansi. Denga lija lachitsulo, limene analiika kuti limuteteze ku katundu wogwa, ndi limene linamupanikiza pachifuwa. Tinali amuna 6 kuyesa kunyamula, osasuntha ngakhale pang'ono. Mpaka tinathamangira forklift ina. Chipewa chake chinagubuduzika mpaka pakhomo, ndipo palibe anachitola kufikira mawa lake. Anali atayendetsa zaka zambiri kuposa zimene iwe wakhala ukumeta ndevu, komanso makinawo analibe katundu.

Zimenezo uzimvetse bwino, chifukwa anyamata mumaganiza kuti forklift yopanda katundu ndiye yosewera nayo. Yopanda katundu ndi imene imagwera m'mbali mosavuta ukakhota mothamanga. Ukaiona ili ndi matayala anayi, koma siima ngati galimoto. Chitsulo cha matayala akumbuyo anachigwirizitsa pamalo amodzi pakati, ndiye kwenikweni imaima ngati mpando wa miyendo itatu, iwiri kutsogolo, umodzi kumbuyo. Kulemera kukatuluka kunja kwa malo atatuwo, basi yapita. Mlongoti ukamakwera, kulemerako kumakweranso, ndipo kabampu kakang'ono kamakwanira. N'chifukwa chake poyenda mafoloko amakhala pansi, masentimita 10 kapena 15 kuchokera pa simenti, mlongoti utapendekera pang'ono kwa iwe. Ima, kweza, ika katundu, bwerera pang'ono, tsitsa, kenako ndiye ukhote. Ndikudziwa anakuphunzitsani zimenezi. Ifenso anatiphunzitsa.

Tsiku lina ikadzayamba kugwa, usadumphe. Ndabwereza, usadumphe. Gwira chiwongolero zolimba ndi manja onse, ponda mwamphamvu ndi mapazi, thupi ulipendeketsere kumbali imene sikugwerako, ugwe nayo uli m'kati. Ukhoza kuthyoka mkono, koma udzabwera kunyumba. Ndipo pa mphindi imeneyo mutu suganiza, lamba ndi amene amakuganizira. Uzimanga ngakhale ukungoisuntha mamita 5. Mnzakoyo akakuseka kuti ukumanga lamba ngati uli mundege, muleke aseke.

Ndisadziyeretse. Inenso ndinachitapo zopusa. Tsiku lina kunabwera bokosi lolemera kuposa mphamvu ya makina athu, matayala akumbuyo n'kumanyamuka. Kapitawo anatiuza atatu kuti tikwere pachitsulo cha kumbuyo tiwonjezere kulemera. Ndinakwera. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, iwe unali utangoyamba sukulu. Tinapulumuka, koma matayala owongolera ankangokhudza pansi mwa apo ndi apo, woyendetsayo analibe chiwongolero chenicheni. Ndikakumbuka thukuta limatuluka mpaka lero. Pa makina aliwonse pali kachitsulo kolembedwa, pafupi ndi mpando. Kamanena kulemera kumene angathe kunyamula, komanso kuti pakatikati pa katunduyo pakhale patali bwanji kuchokera kumsana wa mafoloko, kawirikawiri mamilimita 500 kapena 600. Katundu akakhala wautali, kapena ukamunyamulira kunsonga, matani olembedwawo sagwiranso ntchito, amachepa. Chimodzimodzi ukakweza mlongoti mpaka kumapeto. Kapitawo akamakuwa kuti lole ikudikira, muonetse kachitsuloko ndi chala. Akakakamira, mupatse kiyi anyamule yekha. Ntchito ukhoza kupeza ina, ine ndinapeza kangapo.

Za anthu oyenda pansi, ingoyang'ana phazi la amalume ako. Iwo anaima pambali akuwerenga mapepala, akuganiza kuti apereka malo okwanira poti mafoloko anali atawadutsa. Anaiwala kuti forklift imakhota ndi matayala akumbuyo, thako lake limazungulira kunja. Nsapato yachitsulo kumphuno sinathandize. Woyendetsayo anali mnyamata wabwinobwino, analira kuposa iwo. Choncho pakona iliyonse, pakhomo lililonse, pamene mashelefu akutchinga, chepetsa liwiro uimbe hutala, ngakhale anthu adandaule kuti ukusokosa. Munthu akakhala pafupi, usasunthe mpaka maso anu akumane. Katundu akakutchinga kumaso, yenda chobwerera m'mbuyo utatembenuza khosi, osati kumasuzumira m'mbali mwa mabokosi. Zomvera nyimbo zija za m'makutu uzisiye m'chikwama. Ndipo pansi pa mafoloko okwezedwa pasadutse munthu, kaya pali katundu kaya palibe, ngakhale bwana wamkulu.

Pokwera mtunda uli ndi katundu, katunduyo aziyang'ana kumtunda nthawi zonse, ndiye kuti potsika umatsika chobwerera. Pamtunda sakhotapo. Polowa m'lole, tsika kaye ukaone ndi maso ako kuti matayala ake awatsekera ndi zopinga, handibuleki yakokedwa, ndipo dalaivala akudziwa kuti uli m'katimo. Lole imasuntha pang'onopang'ono nthawi iliyonse ukalowa ndi kutuluka, mpaka mpata umatseguka pakati pa iyo ndi nsanja yopakirira katundu iwe osazindikira. Madalaivala ena amangonyamuka akaona ngati mwamaliza.

Mlongo wako akuti Lachisanu lililonse mumakhala limodzi ndi wa chipewayo mpaka usiku, pomwe Loweruka umalowa m'mamawa. Sindikufunsa zimene mumamwa, ndiwe wamkulu. Ndingoti mowa wa usiku sutha ndi kusamba. Maso amaona, koma phazi limachedwa kufika pa buleki. Ukadzuka mutu ukulemera, kapena wagwira mashifiti awiri motsatizana, nena kuti lero sukwera. Angakudule ndalama za tsikulo, zilibe kanthu, ndidzakubwezera ine ngati zafika pamenepo.

Komanso fodya. Usaganize kuti sindikudziwa, jekete lako linandiuza ulendo watha. Ngati makina anu ndi a batire, pamene akutchajidwa amatulutsa mpweya wa haidrojeni, wosaoneka, umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Ndudu isafike kumeneko. Ngati ndi a gasi kapena dizilo, usawasiye akulira m'kontena kapena m'chipinda chotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo, umangomva mutu ndi chizungulire, n'kumaganiza kuti ndi kutopa.

M'mawa usanakwere, izungulire kaye. Ndi mphindi zochepa chabe. Yang'ana matayala, matcheni, mapaipi a oyilo, ming'alu pa mafoloko makamaka pachidendene pomwe apindikira. Amene amakwekwereza mafoloko pansi amawadya pachidendenepo, ndipo akaperepeseka ndi gawo limodzi mwa 10, mphamvu yawo imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa 5, saoneka n'komwe kuti atha. Yesa buleki, hutala, magetsi. Ukaona oyilo akudontha, usafufuze poboola ndi chala, amatuluka ndi mphamvu yoti akhoza kulowa pansi pa khungu, anthu amadulidwa zala chifukwa cha zimenezo. Chikavuta chilichonse, lemba m'buku, chotsa kiyi, uuze oyenera. Usamati ndingomaliza lero lokha. Poimika, mafoloko agone pansi, giya pakati, handibuleki, injini yozima, kiyi m'thumba mwako. M'thumba mwako, osati mwa mnzako uja. Ndamva kuti nthawi zina umamubwereka kuti ayeseko pomwe iye sanaphunzire. Ngati ndi zoona, ndiye wandikhumudwitsa kawiri.

Ndalemba zambiri, dzanja latopa. Usaone ngati sindikunyadira. Tsiku unatumiza chithunzi cha satifiketi yako ndinaonetsa aliyense amene anabwera pakhomo, mpaka mayi ako kundiletsa. Uli ndi dzanja labwino, ndinaona mmene unalowetsera mafoloko mu paleti ija osagunda, ngakhale unkachita zopusa. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woyendetsa wabwino amene ndinamudziwa ankaoneka ngati wochedwa, koma pofika madzulo ndi iye amakhala atapakira malole ambiri, popanda bokosi lophwanyika. Mnzakoyo sindikuti udane naye. Ucheze naye kunja kwa geti. Akafuna kuvina, avine pansi.

Uwauze afufute vidiyoyo isanafike kwa mabwana ako, ngakhale ndikudziwa kuti zinthu zikalowa pa WhatsApp sizibwerera. Ikafika, usaname, uvomere. Lamlungu madzulo undiimbire, ndipo usanaimbe unditumizire chithunzi cha kachitsulo kolembedwa kaja, ndikufuna ndione ndekha kuti makina ako amanyamula zingati. Mayi ako akupereka moni, akufunsa ngati chifuwa chija chinasiya.

Ndine,
Bambo ako