Mankhwala ochokera kunja aziyesedwa asanafike kwa ife

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mankhwala ndi zipangizo zachipatala zimene dziko lathu limagula kapena kulandira kuchokera kunja mliri ukagwa.

Covid-19 atalowa m'dziko muno mu April 2020, pa Kamuzu Road kuno ku Salima padadzaza mamasiki ndi timabotolo ta sanitaiza. Tambiri tinalibe dzina la wopanga, tinalibenso tsiku lothera mphamvu. Tinkagula chifukwa cha mantha. Kodi adatiyesa ndani? Ngakhale maiko olemera adagwa m'mbuna yomweyi: mu March 2020 dziko la Netherlands lidabweza mamasiki 600,000 ochokera ku China litapeza kuti sankateteza mokwanira. Iwo adazindikira chifukwa adayesa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya katemera. Mu May 2021 boma lidawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 ku Kamuzu Central Hospital. Katemerayu, yemwe tidalandira ngati mphatso, adafika pa 26 March, pomwe mphamvu yake imatha pa 13 April. Masabata atatu osakwana! Kuwotchako boma lidachita bwino, koma kumudzi kwathu nkhani idafika mwina: anthu adangogwira zoti katemera ndi wowonongeka, ndipo alangizi a zaumoyo adavutika kuwatsimikizira agogo athu kuti akabayitse. Mphatso ikabwera itatsala pang'ono kuthera mphamvu, tiziikana mwaulemu.

Tisaiwalenso kuti kunyanja kuno kumatentha. Katemera amafuna firiji, ndipo magetsi akazima mu October ku Chipoka kapena ku Khombedza, chimene chidafika chabwino chingathe kuwonongekera konkuno.

Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 adamwalira atamwa mankhwala a chifuwa ochokera ku India. Makolo awo adakhulupirira botolo monga timachitira ifenso.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi lakuti bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards azipatsidwa ndalama ndi anthu okwanira tsopano, mliri wina usanabwere. Katundu aziyesedwa akangolowa pa Mwanza, pa Songwe kapena pabwalo la ndege, asanapite ku nkhokwe ya mankhwala a boma ya Central Medical Stores Trust kapena m'masitolo. Oyendera azifikanso m'misika ya m'maboma, osati ku Lilongwe ndi Blantyre kokha. Ndipo mankhwala ena akaletsedwa, alengeze pa wailesi m'Chichewa, atchule dzina lake ndi maonekedwe a botolo.

Mayi wokhudzidwa,
Salima