Tithandizeni kumanga malo ogona anthu othawa madzi mvula isanabwere

Kwa abale ndi alongo onse, makamaka inu ana a kuno kwathu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni.

Ife a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwathu, pamodzi ndi komiti ya sukulu yathu ya pulayimale kuno ku East Bank m'boma la Nsanje, tikupempha thandizo lanu. Tikufuna kumanga chigafa chachikulu pamtunda, kunja kwa mpanda wa sukulu, choti mabanja amene nyumba zawo zagwa ndi madzi azigonamo mongoyembekezera.

Nonse mukudziwa mmene madzi amatichitira kuno. Ruo akadzaza n'kukumana ndi Shire cha ku Chiromo, madzi amabwerera m'midzi, ndipo nyumba za zidina sizichedwa kusungunuka. Tinaona zimenezi mu January 2015, ndiye namondwe wa Idai mu March 2019, namondwe wa Ana mu January 2022, kenako namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anasiya anthu oposa 500,000 m'chigawo cha kummwera alibe pokhala. Nthawi zonsezi anthu anathamangira malo amodzi okha: kusukulu. Sitikuwadzudzula ayi. Sukulu ndiyo ili pamalo okwera, ili ndi denga la malata, pansi pa simenti ndi mjigo. Mayi wobereka mwana kumbuyo usiku wa mvula angapitenso kuti?

Koma chimene chimachitika pambuyo pake n'chimene chatipangitsa kulemba kalata ino. Mabanja akalowa m'makalasi, maphunziro amaima. Madesiki amatulutsidwa panja, ena amathyoka, mabuku amanyowa. Zimbudzi zimene anakumbira ana a sukulu zimadzaza m'masiku ochepa, ndipo kumbukirani kuti Freddy anatipeza dziko lili pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Amuna, akazi, atsikana ndi anyamata amagona mothithikana, popanda chotchinga, popanda nyale. Ndiye ikafika nthawi yoti sukulu itsegulidwe, ife eni ake a komiti timakakamizika kupita kwa gogo amene alibe ngakhale khoma limodzi loima n'kumuuza kuti atuluke, ana akufuna kuphunzira. Gogoyo ndi wathu, anawonso ndi athu. Palibe ntchito yowawa imene tinagwirapo kuposa imeneyi, ndipo sitikufuna kuibwerezanso.

Ena mwa inu mufunsa kuti bwanji anthu osangosamukira kumtunda n'kukhazikika komweko. Funso limeneli n'lomveka, ndipo mabanja ena anasamukadi. Koma chakudya cha anthu a kuno chili kudimba. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde, ndipo m'menemo ndimo timalima chimanga, mbatata ndi nyemba zimene zimatidyetsa chaka chonse. Munthu sangasiye munda popanda kumupatsa wina. Pamene nkhani ya malo okhazikika ikukambidwa pakati pa mafumu ndi boma, mvula siidikira.

A nyakwawa atipatsa kale malo. Achinyamata avomera kukumba maziko ndi maenje a zimbudzi, amayi atenga ntchito yotunga madzi ndi kututa mchenga, ndipo amisiri a m'mudzi muno agwira ntchito osalipidwa, kungowaphikira nsima. Zimene sitingathe kuzipeza ndi manja athu ndi simenti, malata, matabwa, misomali, zitseko ndi maloko ake. Tasankha kuumba mabuloko a simenti m'malo motentha njerwa, chifukwa uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo kudula mitengo kumtunda n'komwe kwakulitsa vuto la madzi osefukirali.

Chigafacho tichigawa pawiri, mbali ya amayi ndi ana aang'ono, mbali ya abambo, ndi kachipinda kapadera ka amayi oyembekezera ndi okalamba. Pa zimbudzi sitikufuna kunyengerera. Mabungwe othandiza anthu pangozi amalangiza kuti chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, ndipo munthu aliyense azipeza madzi osachepera malita 15 patsiku. Choncho tikufunanso zimbudzi za amayi ndi za abambo zotalikirana, zokhala ndi nyale za sola, mabafa otchinga bwino, ndi ndalama zokonzera mjigo wachiwiri kuti wa ana a sukulu usalemedwe. Amene simungakwanitse zomangira, mabulangete, mikeka, maneti oteteza udzudzu, ndowa, sopo, klorini ndi mapadi a atsikana tizilandira ndi manja awiri. M'miyezi yopanda madzi malowa sadzakhala chabe: tidzachitiramo sikelo ya ana ndi sukulu ya mkaka.

Thandizo lililonse lizidzera kwa msungichuma wa komiti, pamaso pa a nyakwawa ndi aphunzitsi aakulu. Chilichonse tizichilemba m'kaundula, ndipo tiziwerenga poyera pamsonkhano wa mudzi. Amene muli kutali, tumani wachibale wanu adzaone ndi maso ake. Tikufuna denga likhale litakhomedwa November asanathe, chifukwa mvula ikayamba galimoto yonyamula simenti siifika kuno.

Ndife anu,
Komiti ya mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pamodzi ndi komiti ya sukulu