Chilengezo: Maphunziro a Magule pa Holide ya Ogasiti

Makolo a ana a gulu lathu la magule,

Maphunziro ayamba Lolemba loyamba sukulu zikatseka, ndipo atenga milungu itatu, kuyambira 09:00 mpaka 12:00, pabwalo lathu lija la ku Kapata. Loweruka likubwerali, 14:00, tikumane pomwepo kuti timvane.

Madandaulo anu tawamva. Ana sadzavinanso pasimenti: ngoma ya Angoni amaponda mwamphamvu, ndipo mawondo a mwana sachedwa kupweteka. Tidzavinira padothi, tikulithira madzi chifukwa cha fumbi la Ogasiti. Atsikana a chimtali ndi chitelele adzakhala ndi amayi awiri tsiku lililonse. Za gule wamkulu musade nkhawa, sitiphunzitsa. Zimenezo n'za kudambwe.

Chimene sindidzalola ndi mwana wosakwana zaka 10 kukwera yekha njinga ya hayala. Mudzamutenge nokha, kapena mutiuze amene mwamutuma.

Mwana abwere ndi chitenje, botolo la madzi ndi kamba pang'ono, kaya mbatata kaya nthochi. Malipiro ndi K150 mwana mmodzi. Ngati ali ndi mphumu kapena khunyu, tiuzeni pambali.

Ana sitidzapita nawo ku Kulamba ku Mkaika. Khamu limachuluka kwambiri.

Yankhani pofika Lachinayi, ndi dzina la mwana ndi zaka zake.

Mlembi wa gulu